Misozi ya Che Dinala

Che Dinala a kwa Mponda anafika zaka makumi asanu ndi zitatu alibe chinthu choti n'kuloza kuti ichi n'changa, kupatula njinga yopanda mabuleki ndi nyumba yaudzu yopendekeka. Sikuti anali aulesi ayi. Ali mnyamata anapita ku Joni ndi Wenela, nabwerako ndi makina osokera, koma makinawo anapsera m'nyumba chaka chomwecho. Anabwereranso kumigodi, nabwerako ndi chifuwa chosamva mankhwala. Mu 1974, akukonzeka ulendo wachitatu, boma linatseka njira ya Wenela, iwo n'kubwerera kumudzi ndi chikwama chawo pamutu. Analima thonje, mbozi zinadya. Anagula kabwato ndi ukonde, mwera unabwera n'kutenga zonse ziwiri, eniake n'kupulumukira pa chigubu.

Mapeto ake anakhala mlovi, wokoka makoka a eni, pamodzi ndi anyamata amsinkhu wa ana awo. Mwini makokawo anali Che Ibrahimu, munthu amene anagona naye chipinda chimodzi kumigodi, amene tsiku lina Che Dinala anamubereka kumsana atakomoka pansi pa mgodi. Tsopano Che Ibrahimu anali ndi chigayo, nyumba yamalata ndi mabwato atatu. Akabwera kudooko m'mawa, atavala mkanjo woyera, ankawapatsa moni Che Dinala mwaulemu ndithu, ndipo ulemu umenewo ndiwo unkawawa kuposa chipongwe.

Mnzawo weniweni anali mmodzi, Che Wadi, telala wa pakhonde la sitolo pa boma. Che Dinala akaweruka ankakhala pa benchi pambali pa makina a mnzawoyo, n'kumadandaula.

"Liziki, gawo limene Mulungu anamulembera munthu, silisochera, Che Dinala," ankatero Che Wadi uku akupalasa makina. "Limadziwa pakhomo pa mwini wake. Lidzafika."

"Lidzafika ine ndili m'sanda," ankayankha iwo. "Inu mudzalilandire m'malo mwanga."

Onse awiri ankaseka.

Chimene chinawathyola mtima chinachitika pachipata cha msika. Tsiku limenelo anali ndi dengu la kambuzi panjinga, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Mwanamvua, anawaperekeza. Anyamata a chipani, ovala malaya ofiira, anawaimitsa n'kufunsa khadi la chaka chatsopano. Iwo analibe. Anawakhazika pansi padzuwa pamodzi ndi ena opanda makhadi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, nsomba zikuwola m'dengu. Mnyamata wina ankawatchula kuti "madala opanda pake". Mwanamvua anavula mpango wake n'kuwafunditsa kumutu kuti dzuwa lisawawotche. Che Dinala sanathe kumuyang'ana kumaso mwana wawoyo.

Patapita masiku atatu anagulitsa njinga, nakwera matola opita ku Chowe, pamwamba pa mapiri. Anauza akazi awo, mayi Asiatu, kuti akukafuna ntchito ku esiteti. Koma ankafuna munthu wina, Che Ndembo, amene dzina lake ogula nsomba ankalitchula monong'ona.

Ankayembekezera kupeza khumbi lodzaza ndi nyanga ndi zikopa za njoka. Anapeza nyumba yozira bwino, bwalo losesedwa, ndi bambo wonenepa, wometa bwino, akusita malaya ndi simbi yamakala. Pawindo panali wailesi, ndipo inkaulutsa mauthenga achisoni. Bamboyo anawalozera mpando ndi chibwano, napitiriza kumvetsera mainawo mpaka anatha, ngati munthu womvera mitengo ya fodya.

"Nenani, bambo," anatero atazimitsa wailesi.

Che Dinala anafotokoza zonse, kuyambira makina opsa aja mpaka za pachipata cha msika. Che Ndembo ankangogwedeza mutu, akuwongola kolala.

"Ndakula," anamaliza motero Che Dinala. "Ndikufuna ndilaweko ndisanafe. Koma ndineneretu, mwana wanga musamutchule. Mkazi wanganso ayi."

Che Ndembo anaseka pang'ono. "Mwamva za anzanga ena. Ine magazi sindigwira. Magazi amanunkha, ndipo amaitana apolisi. Ine ndimangotenga zimene munthu sakuzigwiritsa ntchito."

"Monga chiyani?"

"Munthu wosauka ngati inu, misozi yakupindulirani chiyani chibadwire?"

Che Ndembo anapinda malaya aja, napitiriza.

"Ndipatseni imeneyo. Kuyambira lero, pakhomo pamene pagona wodwala, phazi lanu lisalowe. Pamaliro musaponde, kumanda musayandikire. Tumizani shuga, tumizani ufa, galimoto mukadzakhala nayo tumizaninso. Koma inu mwini mukhale kwanu, ndipo diso lanu likhale louma."

"Basi, zokhazo?"

"Zokhazo."

"Kwa zaka zingati?"

"Chumacho mukuchifuna kwa zaka zingati?"

Che Dinala anayang'ana pansi. Anaganiza za maliro onse amene anakumbako manda, masiku amene anawataya atakhala pamkeka kunyumba za odwala, ndipo anaona kuti palibe chimene anatolapo. Mtengo wake unawaonekera wotsika.

"Nanga munthu akaphwanya?" anafunsa.

Che Ndembo anauzira makala a m'simbi. "Palibe amene anabwera kudzandiuza."

Anawatema timphini tiwiri m'mbali mwa maso, nasisitamo mankhwala akuda oyabwa ngati chitedze. Kenako anawapatsa kansupa kokulungidwa m'kansalu, kuti akakasunge kudenga la nyumba yawo. Potsazikana anawagwira chanza mwachikondi, ndipo dzanja lake linali lozizira ngati nsomba.

Chuma chinayamba mwakachetechete. Che Ibrahimu anataya khoka lakale long'ambika, Che Dinala n'kulitola, nalisoka kwa milungu iwiri. Tsiku loyamba kuliponya, cha kumunsi kwa Shire kulowera ku Malombe, linatuluka lolemera moti anachita kuitana anthu odutsa kuti awathandize kukoka. Zinali chambo zokhazokha. Mawa lake zinateronso. Ena oponya pamalo omwewo ankatulutsa ndere.

Mvula isanagwe kawiri anali ndi mabwato a injini ndi alovi awoawo. Amwenye atalamulidwa kusiya masitolo a m'maboma n'kupita kumizinda, Che Dinala anatenga sitolo imodzi, namanga nyumba yanjerwa kuseri kwake. Tsiku limene mvula yoyamba inagunda malata atsopanowo, iwo ndi mayi Asiatu anasiya zonse n'kukhala pabalaza kumvetsera.

"Imvani, amake Mwanamvua," anatero. "Palibe pothonya."

Mayi Asiatu anaseka mpaka kugwira nthiti, akuyendayenda ndi beseni limene anazolowera kutchera madontho, osadziwa poliika. Limenelo linali tsiku labwino, ndipo Che Dinala anakhulupirira kuti sanalakwe.

Anthu anayamba kuwatchula ngati chitsanzo. Pamisonkhano ya chipani anayamba kuwapatsa mpando kutsogolo, ndipo wapampando ankati, "Onani Che Dinala, avutika zaka zonsezi osataya mtima, lero Mulungu wawakumbuka ku ukalamba. Achinyamata phunzirani." Mwanamvua anakwatiwa ndi mnyamata wophika ku hotela ya ku Makokola, ndipo phwando lake linamveka mpaka ku Malindi.

Maliro oyamba sanavute. Ankati ali ndi ulendo wa ku Limbe, kapena chifuwa chawadzukira, n'kutumiza thumba la chimanga. Anamfedwa ankathokoza. Munthu wotanganidwa anthu amamumvetsa kamodzi, kawiri, ngakhale kasanu.

Kenaka Che Wadi anadwala. Makina awo anakhala pakhonde atavindikiridwa ndi nsalu mwezi wathunthu. M'mawa wina akazi awo, mayi Ajira, anafika kusitolo n'kuima pakauntala manja ali pachifuwa.

"Anzanu akufunsa," anatero. "Akuti kodi Che Dinala anasamuka?"

"Ndatanganidwa, mlamu. Katundu wangofika kumene. Tengani shuga uyu ndi majarini, mukawapangire phala."

"Sakudya. Shuga wa sabata yatha uja alipobe. Akufuna inu, kuti mukangokhala pambali pawo ngati kale. Kuchokera pano mpaka kwathu ndi mtunda wanji, Che Dinala?"

"Ndibwera mawa."

Mawa limenelo silinafike. Che Wadi anamwalira Lachinayi m'mawa, ndipo masana ake jeneza linadutsa pamsewu wa kutsogolo kwa sitolo, amuna akulandirana pamapewa. Eni masitolo onse anatseka n'kutsatira. Che Dinala anatseka chitseko ali mkati. Anasuzumira pa mng'alu, akumva chinthu chikukwera pachifuwa, koma chitafika m'maso chinauma, timphini tija n'kuyamba kuyabwa. Sabata yomweyo mzungu wina wa ku esiteti, pobwerera kwawo, anawagulitsa lole pamtengo wa nkhuku.

Mayi Asiatu sanalankhule mpaka sadaka ya Che Wadi itadutsa. Tsiku lina masana, atawaikira chakudya, anakhala pamkeka moyang'anana nawo.

"Bambo a Mwanamvua, ku Chowe kuja munakagwira ntchito pa esiteti iti?"

"Bwanji mukufunsa zakale?"

"Pamaliro a anzanu amayi amandiyang'ana ine. Wina anandifunsa kuti kodi amuna anu miyendo inathyoka. Munthu amene munkagawana naye ndudu imodzi!"

"Sanda ndinagula ndine. Mpunga wa pasadaka unali wanga."

"Mpunga sunyamula jeneza."

"Mukudya, mukuvala, mukugona pouma. Mukufunanso chiyani?"

"Ndikufuna kudziwa ngati ine ndikadzagona pamphasa mudzalowe m'chipindamo, kapena mudzanditumizira shuga pawindo."

Che Dinala anasamba m'manja osadya, n'kupita kusitolo.

Chaka chotsatira amayi awo a mayi Asiatu anadwala kwa Mponda, gogo amene anawasunga Che Dinala pakhomo pake zaka zonse za umphawi osawanyoza n'kamodzi komwe. Mkamwini anatumiza lole kuti inyamule nkhuni ndi anthu. Iye sanaoneke. Maliro atatha, mayi Asiatu sanabwerere ku nyumba yamalata. Anatuma mlongo wawo kudzatenga zovala zawo, ndipo zitenje zatsopano zonse anazisiya. Mwezi womwewo Che Dinala anatsegula chigayo chachikulu kuposa cha Che Ibrahimu.

Nyumba ija inakula. Inali ndi zipinda zisanu, koma munkamveka mapazi a munthu mmodzi. Wophika ankaika chakudya patebulo n'kutuluka msanga. Kumzikiti Lachisanu, anthu poima pamzere mapewa atagundana, mbali zonse ziwiri za Che Dinala kunkatsala mpata wokwana munthu. Anapirira milungu ingapo, kenaka analeka kupita. Pa Idi anaphetsa mbuzi ziwiri, nayala mikeka pakhonde, nakhala atavala mkanjo watsopano kuyambira m'mawa. Anthu ankadutsa mumsewu atavala bwino, akupita kwa abale awo, ndipo ena ankakweza dzanja chapatali. Nyama ija anadya alonda.

Amene ankalankhula nawo tsiku ndi tsiku anali Howard, kalaliki wa ku Ntcheu amene ankayendetsa sitolo. Koma Howard ankangoti "inde bwana" ndi "ayi bwana", maso ali pa mashelefu. Tsiku lina Che Dinala anayesa kumufotokozera za kumigodi, za Che Wadi ndi nthabwala zawo. Howard anamvetsera ataimirira, ndipo atamaliza anafunsa ngati angapite kukatsitsa sopo.

Mwanamvua yekha ndiye sanasiye kubwera. Mwezi uliwonse ankakwera basi kuchokera ku Makokola, n'kudzakhala nawo pakhonde, kuwasendera mango, kuwadzudzula kuti akuwonda.

"Ababa, anthu akunena zambiri," anatero tsiku lina. "Ine ndimawayankha kuti bambo anga ali ndi mtima wofooka, sapirira kuona mtembo. Si choncho?"

"Ndi choncho, mwanangu."

"Ndinadziwa." Anamwetulira, nayang'ana pansi mwamanyazi. "Musafooke kwambiri. Mwezi wa Okotobala mudzakhala ndi mdzukulu woti mumunyamule."

Atapita mwanayo, Che Dinala anakhala pampando nthawi yaitali. Anayamba kulumikiza zinthu zimene ankakana kuzilumikiza. Lole inabwera Che Wadi atapita. Chigayo chinabwera apongozi atapita. Mabwato atsopano anabwera mphwawo wa ku Namwera atagwa mumtengo. M'mawa mwake anakwera pampando, natsitsa kansupa kaja kudenga. Kanali kolemera kuposa tsiku limene anakalandira. Anakaika m'thumba la jekete, nauza dalaivala kuti awapititse ku Chowe.

Anapeza Che Ndembo akuthirira maluwa, osakalamba ngakhale pang'ono.

"Bwana Dinala! Mbiri yanu imatipeza konkuno. Mwabwera pa galimoto lero."

"Ndabweza chinthu chanu."

"Changa? Ine ndinakupatsani chopanda kanthu. Zimene zili mkatimo ndi zanu."

"Ndiuzeni zoona. Anthu anga akutha, kodi ndi ichi chikuwatenga?"

Che Ndembo anatsitsa chitini cha madzi. "Anthu amafa okha, bambo. Ankafa musanabwere kuno, adzafabe inu mutapita. Ichi chimangodya chisoni chimene inu simunalire. Chisoni cha munthu wapamtima ndiye chonona." Anathothola tsamba louma pa duwa. "Kungoti chiweto chikazolowera zonona, nthawi zina sichidikira kuti mwini aphike."

"Chotsani! Tengani lole, tengani chigayo. Mwana wanga ali ndi pakati."

Nkhope ya Che Ndembo inasintha ngati ya munthu womva chisoni. Anayang'ana thumba la jekete lija.

"Ine sindinakufunseni za mwana. Mwanenera chiyani pamaso pake? Tsopano chamva."

Che Dinala anagwada pafumbi, munthu wa lole ndi chigayo. Che Ndembo anawadzutsa mwaulemu, nawasansa fumbi m'mawondo.

"Sungani pangano, mwina chichita manyazi. Mukaliphwanya, ine sindikudziwa kuti chidzayambira pati. Muyende bwino, msewu wotsika uja ngwokhotakhota."

Pobwerera anaimitsa galimoto pa mlatho wa Shire n'kuponya kansupa kaja m'madzi. Atafika kunyumba anayang'ana kudenga, ndipo kanali pomwepo, kansalu kake kakudontha.

Okotobala anafika ndi kutentha kwake. Lachiwiri lina m'mawa, mkamwini wawo anafika kusitolo thukuta lili kamukamu. Mwanamvua anali atavutika masiku awiri, ndipo anamutengera kuchipatala cha pa boma. Mwana anabadwa, wamkazi, wamoyo. Koma magazi sankaleka.

Che Dinala anathamanga, anthu n'kudabwa kuona bwana akuthamanga. Atafika pa mpanda wa chipatala, miyendo inaima yokha. Anaima pansi pa mgwalangwa, kuyang'ana mawindo a chipinda cha amayi. Patapita nthawi mayi Asiatu anatuluka. Zaka ziwiri zinali zitadutsa osalankhulana.

"Akukuitanani," anatero. "Sakuitana ine, sakuitana mwamuna wake. Akungoti ababa, ababa."

"Madokotala akuti chiyani? Ngati n'kofunika kupita naye ku Zomba, galimoto ilipo. Ngati akufuna magazi, ndiitana alovi onse."

"Zonsezo zachedwa. Lowani."

"Kamuuzeni kuti ndili pano."

"Pano ndi pati? Akuonani bwanji muli kuseri kwa mpanda?" Mayi Asiatu anawagwira dzanja, chinthu chimene sanachitepo pagulu chikwatirane. "Dinala, chilichonse chimene munachita, ine sindifunsanso. Ndi masitepe makumi awiri okha. Tiyeni."

Che Dinala anadziuza kuti akalowa, chinthu chija chikwiya n'kumaliza mwanayo, ndipo akakhala panja mwina chimuleka. Zimenezo ndi zimene anadziuza. Koma pansi pa maganizo amenewo panali ena, ang'onoang'ono, amene sanafune kuwayang'ana: chipata cha msika, dzuwa, ndi mawu aja akuti madala opanda pake. Anasolola dzanja lawo pang'onopang'ono.

Mayi Asiatu anawayang'ana kanthawi, natembenuka. Che Dinala anakhala pansi pa mgwalangwa mpaka mthunzi unasuntha n'kuwasiya padzuwa. Nthawi ya swala, pemphero la masana, itangodutsa, anamva kulira kwa akazi awo kukutuluka pawindo.

Anamuika tsiku lomwelo kwa Mponda. Bambo wake anali m'sitolo, chitseko chotseka, atakhala pa thumba la mchere. Maso anali ouma gwa, timphini tikuyabwa mpaka anadzikanda magazi.

M'mawa mwake mkulu wa alovi anabwera akuthamanga. "Bwana, bwerani mudzaone! Chibadwire sindinaone zotere!"

Anapita kudooko ngati munthu woyenda m'tulo. Mabwato onse anali odzaza mpaka m'milomo, chambo zikuluzikulu zikuphiriphitha pamchenga, ogula akukanganirana, amayi akululutira. Wina anawagwira chanza n'kunena kuti Mulungu wawapukuta misozi. Che Dinala anayang'ana mulu wa nsombazo, maso ake ambirimbiri osaphethira, ndipo anadziwa mtengo wake.

Anachoka padookopo. Anayenda wapansi mpaka kwa Mponda, nadutsa pakati pa nyumba anthu akuwayang'ana, nalowa kumanda. Mtumbira watsopano sunavute kuupeza. Anagwada, naika chipumi pa dothi lofiiralo.

"Mwanamvua, ndabwera. Ndine ababa. Unandiitana, ndabwera."

Pamenepo chinthu chinang'ambika m'mutu mwawo, ndipo misozi inatuluka. Analira mpaka mawu anasasa. Analirira mwanayo, analirira Che Wadi, apongozi awo, mphwawo, ndi ena onse amene anawatumizira chimanga. Amuna a m'mudzimo anabwera kudzawadzutsa, koma misozi sinaleke. Anapempha kuti aone mdzukulu wawo. Mlongo wawo wa mayi Asiatu anaima pakhomo.

"Mwana ameneyu watsala yekha," anatero. "Maso anu asamuone."

Zinthu zinatha msanga kuposa momwe zinabwerera. Nsomba za tsiku lija zinawola zisanafike ku Liwonde, ngakhale zinali pa ayezi. Sabata yomweyo lole inaduka mabuleki pa chitunda n'kugubuduzika, dalaivala n'kudumpha. Alovi anakana kukwera mabwato a Che Dinala, ndipo mabwatowo anakhala pamchenga mpaka anang'aluka ndi dzuwa. Injini ya chigayo inapsa. Howard anadikira mwezi umodzi, ndipo ataona kuti bwana sakufunsanso za sitolo, anapakira zimene anatha n'kubwerera kwawo. Chitseko chinatsala chotsegula, mbuzi zikulowa kukanyambita mchere. Kansupa kaja kanapezeka pansi pabalaza katasweka, mkati mouma.

Che Dinala sanazione zonsezi. Mutu unali utasokonekera. Ankadzuka m'mawa n'kuyamba kufunsa odutsa kuti, "Kodi maliro ali kuti lero?" Akamva, ankayenda wapansi, kaya ndi kwa Mponda, kaya ndi ku Makokola, kaya ndi a Chisilamu, kaya ndi a tchalitchi. Ankakhala kumapeto kwa bwalo payekha, mkanjo uli mbuu, n'kumalira kuposa anamfedwa, munthu womwalirayo osamudziwa n'dzina lomwe. Poyamba ankawathamangitsa. Kenaka anawazolowera, n'kumawaikira chakudya patali m'mbale yawoyawo.

Tsiku lopanda maliro ankapita kuchipatala. Akapeza mpata alonda atayang'ana kumbali, ankalowa m'chipinda cha odwala n'kumayenda bedi ndi bedi, akuwerama pa aliyense.

"Mwandiitana? Ndinu mwandiitana?"

Odwala ankatembenukira kukhoma. Anamwino ankawatulutsa mofatsa, iwo osalimbana, n'kubweranso mawa lake.

Anakhala choncho zaka zinayi. Maso anatupa n'kuchita zilonda, mpaka anasiya kuona bwino, koma njira za kumanda onse ankazidziwa ndi mapazi. M'mawa wina wa mwezi wa Juni, amayi opita kukachapa anawapeza atagona chammbali pansi pa mlatho, atauma kale, masaya akadali onyowa. Amuna anayi a kumzikiti anawasambitsa n'kuwaika, chifukwa chipembedzo sichilola kusiya mtembo pamtunda. Anagwira ntchitoyo mwachangu, n'kubwerera ku ntchito zawo.

Akuluakulu anati ukasauka usamagwire nyanga, ndipo sananame. Umphawi umawawa, makamaka ukamufikitsa munthu ku imvi anzake akudya bwino, koma wosauka amene ali ndi anthu ake sanathe. Che Dinala anali ndi mnzawo wowasekesa, mkazi wopirira ndi mwana wowakonda, koma dyera linawauza kuti alibe kanthu. Chuma chachangu chimayamba chafunsa kanthu kooneka kakang'ono, ndipo munthu amadzazindikira mochedwa kuti kanthu kameneko ndiko kanali moyo wake wonse. Ngati zako zachedwa, dikira ndi manja oyera. Kuli bwino kufika mochedwa uli ndi anthu ako, kusiyana n'kufika msanga uli wekha.